Orton Chirwa, loya woyamba wa dziko lino yemwe adafera m'ndende ya Zomba

Pa 20 Okutobala 1992, m'ndende yaikulu ya Zomba mudamwalira mkaidi wa zaka 73 yemwe maso ake adali atatsala pang'ono kuchita khungu ndipo makutu ake sankamvanso bwino. Apa n'kuti patangopita masiku awiri mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, Dr Hastings Kamuzu Banda, atalengeza kuti kudzakhala riferendamu yoti Amalawi asankhe pakati pa ulamuliro wa chipani chimodzi ndi wa zipani zambiri. Mkaidiyo adali a Orton Edgar Ching'oli Chirwa, loya woyamba wachikuda m'dziko muno, mtsogoleri woyamba wa chipani cha Malawi Congress Party komanso nduna yoyamba ya zachilungamo Malawi atalandira ufulu wodzilamulira. Mlandu womwe udawaika m'ndendemo udazengedwa m'bwalo lomwe silinkalola kuti woimbidwa mlandu aimiridwe ndi loya, ndipo bwalolo lidaphuka pa tsinde la makhoti omwe iwo eni adathandiza kukhazikitsa zaka 20 m'mbuyomo.

A Chirwa adabadwa pa 30 Januwale 1919 m'boma la Nkhata Bay, dera lomwe mishoni ya Livingstonia idafikitsako sukulu msanga poyerekeza ndi madera ena ambiri a dziko la Nyasaland. Monga anzawo ochepa omwe adali ndi mwayi wopitiriza maphunziro, iwo adalowera ku South Africa komwe adakapeza digiri pa sukulu ya ukachenjede ya Fort Hare. Sukuluyi ndi yomwe adaphunzirako a Nelson Mandela, a Robert Mugabe komanso a Henry Masauko Chipembere. M'chaka cha 1951 adakwatira mayi Vera Chibambo, omwe pambuyo pake adadzakhala loya woyamba wachizimayi wa ku Malawi.

Chiyambi chawo pa ndale sichidali chowongoka monga ena amaganizira. M'chaka cha 1951 iwo adalemba chikalata chotsutsa ganizo lolumikiza Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia, koma chitaganyacho chitakhazikitsidwa m'chaka cha 1953 adagwirizana ndi a Charles Matinga pa gulu lomwe linkati ndi bwino kuvomereza zomwe zachitika n'kumamenyera ufulu wa anthu akuda m'kati mwa chitaganya momwemo. Chaka chomwecho ku Ntcheu, Inkosi Gomani II idauza anthu ake kuti asamvere malamulo a zaulimi a atsamunda posonyeza kukana chitaganyacho, ndipo idachotsedwa pa ufumu n'kumwalira chaka chotsatira. Panthawiyo njira ya mfumu ya Angoni ndi ya mphunzitsi wa ku Nkhata Bay zidali zosiyana kwambiri. A Chirwa sadakhalitse m'maganizo amenewo. Adaphunzitsa pa sukulu yosula aphunzitsi ya Domasi, kenako adapita ku London komwe m'chaka cha 1958 adavomerezedwa kukhala loya pa Lincoln's Inn.

Kubwerera kwawo kumudzi kudali nkhani yaikulu. Kufikira nthawi imeneyo, munthu wakuda akagwa m'mlandu waukulu ankadalira maloya achizungu kapena achimwenye a ku Blantyre ndi ku Limbe, ngati adali ndi ndalama zowalipira. Milandu inkazengedwa m'Chingerezi kudzera mwa womasulira, ndipo ambiri ankatuluka m'bwalo osadziwa chomwe chawagwetsa. Tsopano padapezeka munthu wovala mkanjo wa maloya yemwe ankatha kumva dandaulo la woimbidwa mlandu m'chinenero chake, n'kukaliyala pamaso pa jaji wachizungu m'mawu a lamulo la Angerezi eni ake. Chaka chomwecho cha 1958, pa 6 Julayi, Dr Banda adatsika ndege pa Chileka kudzatsogolera chipani cha Nyasaland African Congress, ndipo a Chirwa adakhala mlangizi wa chipanicho pa nkhani za malamulo.

Pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa Sir Robert Armitage adalengeza kuti dziko lili pa chipwirikiti. Chipani cha Congress chidaletsedwa, Dr Banda adatengedwa kupita kundende ya Gwelo ku Southern Rhodesia, ndipo anthu oposa 1,300 adatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Tsiku lomwelo pa doko la Nkhata Bay, kwawo kwa a Chirwa, asilikali adawombera n'kupha anthu osachepera 20 omwe adasonkhana kudzatsutsa kumangidwa kwa atsogoleri awo. A Chirwa ndi mayi Vera adali m'gulu la omangidwa. Iwo adatulutsidwa mu Ogasiti chaka chomwecho, patangopita nthawi yochepa komiti yofufuza yotsogozedwa ndi jaji Patrick Devlin itatulutsa lipoti lomwe lidadzudzula boma la atsamunda kuti likulamulira Nyasaland ndi mphamvu za apolisi.

Apa ndi pomwe luso lawo la malamulo lidathandiza dziko kuposa mlandu wina uliwonse womwe adaimirapo munthu m'khoti. Lamulo lidaletsa Congress, koma silidaletse kuyambitsa chipani china. Pa 30 Seputembala 1959 a Chirwa, pamodzi ndi mnyamata wa zaka 20 Aleke Banda ndi anzawo ena, adakhazikitsa Malawi Congress Party. Dzina lidali latsopano, malamulo a chipani adali atsopano, koma anthu ake ndi zolinga zake zidali zomwe zija. A Chirwa adakhala mtsogoleri, a Aleke Banda mlembi wamkulu, ndipo nyuzipepala ya Malawi News idayamba kutuluka ngati liwu la chipanicho.

Akuluakulu ena a boma la atsamunda ankayembekeza kuti loya wophunzira ku London, wolankhula modekha, akhala munthu woti n'kumvana naye m'malo mwa Dr Banda. A Chirwa adakana kukhala mlowam'malo wotero. Adauza nduna ya boma la Britain yoona za maiko olamulidwa ndi atsamunda, a Iain Macleod, kuti chipani chawo sichingakambirane za tsogolo la dziko Dr Banda akadali m'ndende. Pa 1 Epulo 1960 Dr Banda adamasulidwa, ndipo patangopita masiku ochepa a Chirwa adawapatsa utsogoleri wa chipani. Si anthu ambiri pa ndale omwe amatula mpando woti ali nawo kale m'manja, ndipo palibe yemwe adawakakamiza kutero.

Komabe mbiri yawo ya zaka zotsatirazi siyenera kupakidwa mafuta. A Chirwa adali m'kati mwenimweni mwa chipani pomwe msonkhano wa ku Nkhotakota wa 1960 udapatsa Dr Banda utsogoleri wa chipani wa moyo wawo wonse. Adali nawo pa zokambirana za ku Lancaster House chaka chomwecho, ndipo chipani chitapambana chisankho cha mu Ogasiti 1961 adalowa m'boma ngati wachiwiri ku unduna wa zachilungamo, kenako adakhala nduna komanso mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo. M'zaka zimenezo achinyamata a chipani ankazunza anthu a zipani zina, moti pa chisankho cha 1964 aphungu a Malawi Congress Party adalowa m'Nyumba ya Malamulo popanda wopikisana nawo. Mphamvu zomwe zidadzawaphwanya a Chirwa zidakula iwo ali pampando wa unduna woyang'anira chilungamo.

Ntchito yawo yaikulu ku undunawo idali lamulo la makhoti a m'madera la 1962. Kuyambira m'chaka cha 1933, atsamunda adapatsa mafumu mphamvu zoweruza milandu ing'onoing'ono, kotero mfumu yomweyo inkatolera msonkho, kulengeza malamulo a zaulimi, kenako n'kukhala pabwalo kuweruza omwe aphwanya malamulowo. Lamulo la 1962 lidalekanitsa ntchito ziwirizi. Milandu idachoka m'manja mwa mafumu n'kupita kwa apampando a makhoti osankhidwa ndi boma, ndipo wosakhutira ndi chigamulo ankatha kuchita apilo mpaka kukafika ku bwalo lalikulu la milandu. Cholinga chidali choti munthu wakumudzi apeze chilungamo pafupi, m'chinenero chake komanso motsatira mwambo wake. Otsutsa ankati ambiri mwa apampandowo adali anthu a chipani, ndipo dandaulo limeneli lidali ndi maziko. Koma khomo la apilo lidali lotsekula, ndipo milandu ikuluikulu monga yakupha munthu idatsala m'manja mwa majaji.

Malawi adalandira ufulu wodzilamulira pa 6 Julayi 1964. Pasanathe miyezi iwiri, nduna zidasemphana ndi nduna yaikulu. Zina mwa zomwe zidautsa mkanganowo zinkakhudza ogwira ntchito m'boma mwachindunji: lipoti la Skinner lomwe lidaika malipiro ndi ndalama zina za ogwira ntchito achikuda pansi pa zomwe azungu ankalandira, komanso kuchedwa kupereka maudindo akuluakulu kwa Amalawi. Padalinso nkhani ya tiki yomwe odwala adayamba kulipira m'zipatala za boma, ubale wa Dr Banda ndi Apwitikizi a ku Mozambique, kukana kwawo thandizo la dziko la China, komanso chizolowezi chawo chotchula nduna zawo pagulu kuti ndi anyamata awo. Nduna yachizungu, a Colin Cameron, idali itatula kale pansi udindo pokana ganizo lobwezeretsa lamulo lotsekera anthu popanda kuwazenga mlandu.

Nduna zidalemba madandaulo awo pa hotela ya Ku Chawe pa phiri la Zomba. Pa 7 Seputembala Dr Banda adachotsa a Chirwa, a Kanyama Chiume, a Augustine Bwanausi komanso mayi Rose Chibambo. A Yatuta Chisiza ndi a Willie Chokani adatula pansi maudindo awo, ndipo a Chipembere, omwe adali ku Canada, adachita chimodzimodzi atangobwerera. Nyumba ya Malamulo idakumana pa 8 ndi 9 Seputembala n'kuvomereza kuti ili pambuyo pa Dr Banda. Ku Zomba ogwira ntchito m'boma ambiri adaima ndi nduna zochotsedwazo ndipo kumapeto kwa mweziwo kudabuka ndewu pakati pa iwo ndi otsatira chipani. Pambuyo pake a Chirwa adathawira ku Tanzania.

Adakhala kunja zaka 17. A Chipembere adayesa kulanda boma ndi zida mu Febuluwale 1965 koma zidakanika, ndipo a Yatuta Chisiza adaphedwa pa nkhondo ndi asilikali a boma mu Okutobala 1967. A Chirwa adakhazikika ku Dar es Salaam komwe adapitiriza ntchito ya zamalamulo, ndipo pambuyo pake adayambitsa gulu lotsutsa boma la Malawi Freedom Movement, lodziwika ndi dzina loti Mafremo. Mayi Vera adaphunzira zamalamulo ku London, adagwira ntchito ku Tanzania, kenako adakaphunzitsa pa University of Zambia ku Lusaka.

Iwo ali kunjako, makhoti omwe adasiya adasinthidwa nkhope. Anthu ataphedwa motsatizana ku Chilobwe mu mzinda wa Blantyre, ndipo bwalo lalikulu litamasula oganiziridwa kaamba kosowa umboni wokwanira, Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo m'chaka cha 1969. Makhoti a m'madera adasanduka Traditional Courts. Chigawo chilichonse chidakhala ndi bwalo lake lalikulu lomwe ambiri mwa oweruza ake adali mafumu, ndipo mabwalowa adapatsidwa mphamvu zozenga milandu yakupha munthu ndi kupereka chilango chonyongedwa. Loya sankaloledwa kulowamo kudzaimira woimbidwa mlandu. Malamulo okhwima a umboni sankagwira ntchito. Apilo sinkapitanso ku bwalo lalikulu la milandu koma ku bwalo lina la mtundu womwewo. Majaji achizungu a bwalo lalikulu adatula pansi maudindo awo posagwirizana ndi kusinthaku. Pambuyo pake mabwalowa adapatsidwanso milandu youkira boma, ndipo m'chaka cha 1977 a Albert Muwalo Nqumayo a ku Ntcheu, omwe adali mlembi wamkulu wa chipani ndipo ankaopedwa dziko lonse, adaweruzidwa m'bwalo lotere n'kunyongedwa.

Pa 24 Disembala 1981 a Chirwa, mayi Vera ndi mwana wawo Fumbani adagwidwa m'dera la m'malire a Zambia ndi Malawi. Boma lidati adalowa okha m'dziko muno kudzera ku Mchinji. Iwo adati adabedwa ali m'dziko la Zambia, cha ku Chipata, ndipo mawu amenewa sadawasinthe mpaka mlandu udatha.

Mlanduwo udayamba mu Julayi 1982 pa bwalo la Traditional Court la chigawo cha kummwera ku Soche mu mzinda wa Blantyre. Ankawaimba mlandu wokonza chiwembu chofuna kugwetsa boma. Zidali zachilendo m'mbiri ya malamulo m'dziko muno: loya woyamba wachikuda wa dziko ndi mkazi wake, loya woyamba wachizimayi, ataima m'bokosi la oimbidwa mlandu pamaso pa oweruza omwe ambiri mwa iwo sadaphunzire zamalamulo. Popeza sankaloledwa kukhala ndi owaimira, adadziimira okha. Ankafunsa okha mafunso mboni za boma, adatsutsa zoti bwalolo lili ndi mphamvu yozenga anthu omwe adachita kubedwa m'dziko lina, ndipo adapempha kuti aitane mboni zawo. Pempho la mbonilo lidakanidwa. Mlanduwo udatenga miyezi yambiri, koma m'bwalo lotere luso la loya silikadasintha kanthu, poti umboni ngakhale utagwedezeka chotani padalibe lamulo lokakamiza oweruza kuutaya.

Kumayambiriro kwa Meyi 1983 onse awiri adagamulidwa kuti anyongedwe. Mwezi womwewo nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu a David Chiwanga, zidaphedwa ku Mwanza, ndipo mu Malichi a Attati Mpakati, mtsogoleri wina wotsutsa boma, adali ataphedwa ku Harare. A Chirwa adachita apilo. Mu Febuluwale 1984 bwalo la apilo la Traditional Court lidavomereza kuti mlanduwo udayendetsedwa molakwika m'njira zingapo, koma lidati chilango chikhale chomwecho. Bungwe la Amnesty International, mpingo wa Church of Scotland ndi maboma ena adachonderera Dr Banda, ndipo pa 30 Juni 1984 chilangocho chidasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. Fumbani, yemwe sadaimbidwe mlandu uliwonse, adatulutsidwa chaka chomwecho atakhala m'ndende zaka zoposa ziwiri.

Ku ndende ya Zomba a Chirwa ankasungidwa kwaokha, nthawi zina atamangidwa maunyolo m'miyendo, ndipo chithandizo cha mankhwala chidali chosowa. Mayi Vera adali m'ndende yomweyo kumbali ya amayi, koma awiriwa sankaloledwa kuonana. Zinthu zidayamba kusintha m'chaka cha 1992, maepiskopi a mpingo wa Katolika atatulutsa kalata yawo ya pa 8 Malichi ndiponso maiko othandiza Malawi ataimitsa thandizo lina kaamba kophwanya ufulu wa anthu. Mu Seputembala gulu la maloya ochokera ku Britain lidaloledwa kuwayendera, ndipo apa ndi pomwe mwamuna ndi mkazi wake adaonana koyamba patatha zaka 8. Mwezi wotsatira a Chirwa adamwalira. Mayi Vera sadaloledwe kukaika maliro a amuna awo, ndipo adatulutsidwa pa 24 Januwale 1993.

Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 Amalawi pafupifupi 63 mwa 100 aliwonse adasankha ulamuliro wa zipani zambiri, ndipo chisanathe chakacho mabwalo akuluakulu a Traditional Court adaimitsidwa. Aliyense wowerenga gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko a 1994 akhoza kuona kuti pafupifupi chilichonse chomwe a Chirwa adamanidwa ku Soche chidalembedwamo ngati ufulu. Munthu wa ku Manjawira akamangidwa lero ayenera kuuzidwa chifukwa chake m'chinenero chomwe akumva, ayenera kukaonekera pamaso pa khoti pasanathe maola 48, ali ndi ufulu wokhala ndi loya, woitana mboni zake, wofunsa mafunso mboni za boma komanso wochita apilo ku bwalo lalikulu. Gawo 110 lidasiya mpata woti Nyumba ya Malamulo ikhoza kukhazikitsa makhoti a m'madera, koma lidawaikira malire: milandu ya chikhalidwe ndi milandu ing'onoing'ono basi. Ganizo la a Chirwa la 1962 lidatsala, koma mphamvu zomwe zidaonjezedwa m'chaka cha 1969 zidachotsedwa.

Funso lomwe iwo ankafuna kuyankha, la momwe munthu wakumudzi angapezere chilungamo pafupi ndi kwawo, silidathe. M'chaka cha 2011 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo latsopano la makhoti a m'madera, koma lidakumana ndi chitsutso chachikulu kuchokera kwa anthu omwe ankakumbukira zomwe zidachitika ku Soche, ndipo milandu yambiri ya m'midzi idapitirira kuthera kwa mafumu kapena kwa majisitireti. Bungwe la Legal Aid Bureau, lomwe limapereka maloya kwa osauka, lidabadwa kudzera mu lamulo la nthawi yomweyo.

Mlandu wa a Chirwa udakafikanso ku bungwe la African Commission on Human and Peoples' Rights, komwe Amnesty International idakadandaula m'malo mwa banjali m'chaka cha 1992. Dandaulolo lidamvedwa limodzi ndi la a Aleke Banda, mnzawo woyambitsa naye chipani uja, omwe nawonso adakhala m'ndende zaka 12 popanda kuzengedwa mlandu. Bungweli lidapeza kuti dziko la Malawi lidaphwanya ufulu wawo, kuphatikizapo ufulu wozengedwa mlandu mwachilungamo, ndipo lidanenetsa kuti boma latsopano limasenza udindo pa zolakwa za boma lomwe lidalipo kale. Mayi Vera pambuyo pake adasankhidwa kukhala mmodzi mwa makomishonala a bungwe lomweli, ndipo adapatsidwa ntchito yoyendera ndende za maiko a mu Africa. Kuno kumudzi adayambitsa bungwe la Malawi CARER lothandiza anthu pa nkhani za ufulu wawo. Mu mzinda wa Mzuzu, umodzi mwa misewu ikuluikulu umatchedwa Orton Chirwa Avenue.